Lavula Switiyo!

  Papita nthawi ndisanalembe. Timachonga mayeso a kumapeto kwa teremu, ndipo mukudziwa nokha kuti mapepala a Fomu 1 akaunjikana pa tebulo, munthu suona ndi dzuwa lomwe. Lero ndikufuna ndikambe nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kwa zaka zingapo. Mwini nkhaniyi ndamupempha ndipo walola, bola ndisatchule dzina lake. Amene munali naye kalasi imodzi mumuzindikira. Chonde sungani pakamwa.

Munali mu 2017, teremu yachiwiri, titangobwera kubuleki. Ndinali ndi Fomu 2, phunziro la Bayoloje. Ndikulemba pa bolodi, ndinacheuka n'kuona mnyamata wina wa kumbuyo, tsaya lake lakumanzere litatukuka pang'ono chakumunsi kwa khutu, monga amachitira mwana wobisa switi mkamwa.

"Iwe, lavula switiyo."

"Sala, ndilibe kanthu mkamwa."

"Ukundiyesa mwana mnzako eti? Yasamula."

Anayasamula. Munalibe kanthu. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine pofuna kubisa manyazi ndinati, "Ndiye kuti ndi matsagwidi, usatipatsire," n'kupitiriza kulemba. Kuyambira tsiku limenelo anzake anamupatsa dzina la switi, ndipo wopereka dzinalo ndinali ine.

Titaweruka ndinamuitana n'kumufunsa ngati tsayalo limapweteka. Anati ayi, silipweteka ngakhale pang'ono. Nkhani inathera pomwepo. Kwathu kuno matenda timawayeza ndi ululu. Munthu akamabuula usiku wonse timathamanga kukafuna kabaza, koma akati "sichikupweteka" timati zitha zokha. Inenso ndinaganiza chimodzimodzi, chonsecho ndimadziwa bwino lomwe kuti matsagwidi satha mwezi ali pa tsaya. Teremu yomweyo ndinajambula dzino pa bolodi, n'kulemba zigawo zake zonse, mnyamatayo akukopera mu kope lake, chotupa chili phee mu nsagwada yake.

Mwina mukufunsa kuti, kodi mphunzitsi wamaso ake awiri angalephere bwanji kuona nkhope ya mwana ikusintha? Yankho ndi lakuti ndinkamuona tsiku ndi tsiku. Chimanga cha pakhomo suchiona kukula, amadabwa ndi mlendo amene wabwera patapita mwezi. Chotupacho chinkakula pang'onopang'ono kotero kuti nkhope ya Lachiwiri inkafanana ndi ya Lolemba, ndipo ife tinangozolowera kuti ndi mmene alili.

Zina zimene zinkachitika kwawo ndinazimva mochedwa. Chakumayambiriro kwa 2018 dzino lina lotafunira linayamba kugwedera. Anapita pa chipatala china chaching'ono, anamuzula dzinolo, n'kumupatsa panado ndi makapusozi. Sanamujambule, pakuti pamalopo panalibe makina ojambulira, ndipo pa mzere panali anthu ambirimbiri ogwira masaya. Dzino linachoka koma kutupa kunatsala. Apa achibale anati izi si za kuchipatala. Mnyamatayu anali woyamba pa mtundu wawo kufika ku sekondale, ndiye sipanavute kupeza womuganizira kuti wachita nsanje. Kwa sing'anga anasiyako nkhuku ndi ndalama, iye n'kubwerako ndi mphini pa tsaya. Mayi wina wachikulire wa m'mudzimo anasiya kupatsidwa moni.

Kenaka chaka chomwecho cha 2018 nyanja ya Chilwa inauma mbali yaikulu, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Bambo ake anali msodzi wa matemba. Bwato linakhala pa matope, ndalama ya fizi inayamba kuvuta, nanji ya minibasi yopita ku chipatala chachikulu chifukwa cha chinthu chosapweteka.

Chimene chinanditsegula maso ndi chithunzi. Ali Fomu 4, tinkakonza mapepala olembetsera mayeso a MSCE, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yolongosola zithunzi za ziphaso. Nditatsegula fayilo yake ndinapezamo kachithunzi kamene anabwera nako polowa Fomu 1. Ndinaika zithunzi ziwirizo pamodzi pa tebulo. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Mu chithunzi chakale munali kamnyamata ka nkhope yowongoka. Mu chatsopano chibwano chinali chitakhotera kumanja, ndipo tsaya lakumanzere linali ngati wamangiriramo lalanje. Apo ndi pamene ndinakumbukira zinthu zimene ndinkaziona osaziwerengera: kuti anasamukira pa desiki ya kukhoma, kuti ankakhala atagwira tsaya ngati woganiza, kuti mwana amene kale ankakweza mkono pa funso lililonse anali atasiya kuyankha. Pasanathe masabata awiri anasiyiratu kubwera ku sukulu.

Loweruka lina ndinakwera njinga kupita kwawo. Mayi ake anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, mwanayu akukana sukulu. Akuti anzake akumuseka."

"Mayi, ine sindinabwerere za sukulu. Ndabwerera tsayalo. Kodi anamujambulapo?"

"Kujambula kwa chiyani, aphunzitsi? Si anazula kale dzino?"

Lolemba lake ndinafotokoza nkhaniyi m'chipinda cha aphunzitsi. Ahedi anayamba ndi iwo kuponya kangachepe m'mbale, enafe n'kutsatira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalamayo inakwanira kuti apite ku Zomba Central Hospital, kumene anamujambula X-ray n'kumutumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ulendo wa ku Blantyre ndinapita nawo, pamodzi ndi mayi ake.

Dokotala anaika chithunzicho pa magetsi n'kutionetsa. Mbali yakumanja fupa linali loyera bwinobwino. Mbali yakumanzere munali timabowo takuda tambirimbiri togundana, ngati thovu la sopo m'beseni lochapira. Mizu ya mano oyandikira inkaoneka yodyeka, ngati yadulidwa ndi mpeni. Anandiuza kuti fupalo lafufuma ndipo lapyapyala, moti pena ukadina limamveka ngati chigoba cha dzira. Koma anati chithunzi chokha sichikwanira kutchula dzina la matenda. Anadula kachidutswa ka chotupacho n'kukatumiza kukayezedwa pa maikulosikopu. Tinadikira masabata angapo. Zotsatira zitabwera, m'kabuku kake ka kuchipatala munalembedwa liwu limene ine, mphunzitsi wa Bayoloje wa zaka zambiri, ndinali ndisanalimvepo: ameloblastoma.

Ndikuuzeni zimene ndaphunzira za matendawa, mwina zingathandize wina. Mukukumbuka chikuto choyera cholimba cha dzino chimene m'kalasi timati enamel? Chimapangidwa ndi maselo otchedwa ameloblast, dzino likadali m'kati mwa fupa. Dzino likamera ntchito yawo imatha, koma timagulu tina ta maselo a mtundu wopanga mano timatsalira mu nsagwada, titagona. Mwa anthu ochepa maselo otsalirawa amadzuka n'kuyamba kuchulukana popanda chowaletsa. Ndiye chotupacho. Wasayansi wa ku France, Louis-Charles Malassez, anachitcha adamantinoma mu 1885, ndipo dzina la ameloblastoma linayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1930. Pa zotupa 100 zilizonse za mtunduwu, pafupifupi 80 zimamera mu nsagwada ya m'munsi, makamaka chakumbuyo kumene kuli mano otafunira. Sichibwera chifukwa chosatsuka mkamwa kapena kudya shuga, sichipatsirana, ndipo mayi wachikulire uja analibe mlandu uliwonse.

Khalidwe lake ndi lomwe limapusitsa anthu. Chimakula mwakachetechete kwa miyezi ndi zaka, nthawi zambiri popanda ululu. Chimadya fupa kuchokera m'kati monga chimachitira chiswe ndi mtanda wa denga: kunja ukuoneka wabwino, m'kati mwatha. Mano amayamba kugwedera kapena kusuntha, kulumana kwa mano kumasintha, ndipo chikasiyidwa chimatha kukula mpaka munthu kulephera kutafuna, kuyankhula ngakhale kupuma bwino. Kawirikawiri sichifalikira ku ziwalo zina. Pali milandu yochepa kwambiri pamene chinapezeka chitafika m'mapapo, koma imeneyo ndi yosowa. N'chifukwa chake madokotala amati si khansa.

Mawu akuti "si khansa" anatsala pang'ono kutilanda mwanayu. Mayi ake atabwerera kumudzi anafotokoza zinthu ziwiri: kuti si khansa, ndi kuti madokotala akufuna kudula mbali ya fupa la nsagwada. Amalume ake, omwe ndi eni mbumba, anakana. Ndinapitanso pa njinga.

"Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira, tatiuzani. Ngati si khansa, akufuna amudulirenji mwana chibwano? Adya bwanji nsima? Adzakwatira bwanji?"

Mafunso amenewa sanali opusa. Ndinawafotokozera monga mmene dokotala anandifotokozera ine. Chotupachi sichikhala m'thumba limodzi loti ungatumbule n'kuchotsa. Chimalowetsa timizu m'timipata ta fupa, kupyola malire amene amaoneka pa X-ray. Ukangokokota chapakati n'kusoka, nthawi zambiri chimameranso, ndipo chikamera kachiwiri chimakhala chovuta kuposa poyamba. Ndinawafunsa zimene zimachitika ukasenga dawe pamwamba n'kusiya timbatata take m'nthaka. Iwo monga mlimi anagwedeza mutu. Ndinawauza kuti pa chifukwa chimenechi madokotala amadula chotupa pamodzi ndi fupa labwino la sentimita 1 mpaka 1.5 mbali zonse. Ulipo mtundu wina wa chotupachi umene umakhaladi ngati thumba limodzi, umene kawirikawiri umapezeka mwa achinyamata pafupi ndi dzino lolephera kumera, ndipo umenewo nthawi zina amauchotsa popanda kudula fupa lambiri. Koma wa mphwawoyo sunali umenewo.

Amalume aja anali ndi funso lina. "Nanga bwanji mwana wa anansi athu uja? Anatupanso tsaya, kuposa uyu, mpaka diso kutong'oka. Anapita ku Blantyre komweko, anamuika madilipi, chotupa chinaphwa popanda mpeni. Bwanji uyu osamupatsa mankhwala omwewo?"

Funso limeneli sindinaliyankhe tsiku lomwelo, ndinachita kukafunsa ndi kuwerenga. Malinga ndi mmene anafotokozera, mwana wa anansiwo ayenera kuti anali ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno. Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland, amene mu 1957 anaona mwana wotupa nsagwada pa chipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo mu 1958 analemba za matendawa. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuphatikizapo muno mu Nyasaland, akufunsa m'zipatala kumene matendawa amapezeka. Anapeza kuti amakonda malo otsika, otentha ndi achinyezi, kumene udzudzu ndi wambiri, ndipo kumapiri ozizira ndi osowa. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupa chimenechi, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Masiku ano zimadziwika kuti kachilombo kameneka pamodzi ndi malungo obwerezabwereza ndi zimene zimaika mwana pa chiopsezo. Ife a m'chigwa cha Chilwa, ndi madimba athu a mpunga, tili m'dera loterolo.

Matenda awiriwa amatupitsa malo amodzi koma ndi osiyana ngati kalulu ndi kamba. Burkitt amagwira kwambiri ana aang'ono, a msinkhu wa ku pulayimale, ndipo amathamanga: chotupa chimatha kukula kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri, moti pa masabata ochepa nkhope imasinthiratu. Ndi khansa yeniyeni ndipo imapha msanga ikasiyidwa, koma imamva mankhwala a m'dilipi monga cyclophosphamide. Ku Queen Elizabeth, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anagwira ntchito zaka zambiri kukonza njira zochizira ana a matendawa zogwirizana ndi zipatala zathu. Ameloblastoma amakonda achinyamata ndi akuluakulu, amayenda ngati kamba, samva mankhwala amenewo, ndipo chithandizo chake chodalirika ndi opaleshoni. Mu 2014 ofufuza anapeza kuti zotupa zambiri za ameloblastoma za mu nsagwada ya m'munsi zimakhala ndi kusintha mu jini yotchedwa BRAF, ndipo kunja kuli madokotala amene ayesapo mankhwala olimbana ndi kusinthako. Koma kwa wodwala wa ku Songani, njira ikadali mpeni wa dokotala.

Ziliponso zotupa zina za mu nsagwada: china chotchedwa odontogenic keratocyst chimene chimakondanso kubwerera, zina monga ossifying fibroma ndi fibrous dysplasia zimene zimafufumitsa fupa n'kuliumitsa, kuwonjezera pa mafinya a dzino lobowoka ndi khansa ya mkamwa. Kunja zonsezi ndi tsaya lotupa basi. Palibe mphunzitsi, sing'anga kapena malume amene angazisiyanitse ndi maso. Zimasiyanitsidwa ndi X-ray ndi kuyeza kachidutswa.

Kukambiranaku kunatenga miyezi itatu, chotupa chikukulabe. Amene anamaliza mkangano ndi mnyamatayo mwini wake. Tsiku lina anagwada pamaso pa amalume ake n'kunena kuti, "Amalume, nkhope imene mukuiopera kuti iwonongeka ndi iti? Inetu panopa sindituluka m'nyumba." Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati apite.

Opaleshoni inachitika pakati pa chaka cha 2019. Analowa ku fiyeta m'mawa n'kutuluka madzulo. Anachotsa mbali yaikulu ya nsagwada yakumanzere pamodzi ndi mano ake, n'kuikapo kachitsulo kopindidwa ngati chibwano, komangidwa ndi timisomali. Pa opaleshoni zotere, kumene kuli kotheka, amatenganso fupa pa chiuno, pa nthiti kapena pa mwendo kuti atsekere mpatawo. Masiku oyamba ankadyera pa kapaipi ka m'mphuno, kenaka phala lamadzimadzi. Mayi ake anakhala gadiyani, kugona pansi ndi kuphika pa mafuwa pamodzi ndi amayi anzawo ochokera ku Nsanje, Mangochi ndi kwina. Mlomo wake wa m'munsi mbali yakumanzere unachita dzanzi ndipo uli choncho mpaka lero, chifukwa mtsempha umene umapereka kumva ku mlomowo umadutsa m'kati mwa fupa limene linachotsedwa.

Nditapita kukamuona mu wodi, ndinafunsa dokotala wina funso limene ndinkaliopa. Ndinati, akanabwera zaka ziwiri zapitazo zikanakhala bwanji? Iye sankadziwa kuti akuyankhula ndi ndani. Anangoti chotupa chikakhala chaching'ono nthawi zambiri amadula kachigawo kochepa n'kusiya m'munsi mwa fupa muli mwathunthu, moti chibwano sichisintha kwenikweni ndipo kachitsulo sikafunika. Anawonjezera kuti odwala ambiri amafika chotupa chitatha zaka. Ndinathokoza n'kutuluka panja. Zaka ziwiri zapitazo ndi nthawi imene ine ndinkauza mwana kuti alavule switi.

Sindikunena kuti mlandu wonse ndi wanga. Umphawi unali ndi mbali yake, nyanja youma inali ndi mbali yake, kusowa kwa akatswiri nakonso. Nthawi imeneyo dziko lonse la anthu oposa 17 miliyoni linali ndi madokotala a mano osakwana 50, ndipo onsewo anaphunzira kunja. M'zipatala zambiri za m'maboma ntchito ya mano imagwiridwa ndi amene anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo amagwira ntchito yaikulu ndi zida zochepa. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa mkamwa. Zimenezi ndi zabwino. Koma dokotala ngakhale atakhala katswiri chotani, amathandiza wodwala amene wafika pakhomo pake. Womufikitsa ndi ife amene timakhala naye. Ndipo mwa anthu onse amene anali pafupi ndi mwana uyu, amene anaphunzira za mano ndi mafupa ndinali ine.

Anabwerera ku sukulu mu Sepitembala 2019 n'kubwereza Fomu 4. Tsiku loyamba ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti amene nditamumve akutchula dzina la switi aonana ndi ine, ndipo ndinawauza kuti dzinalo linayamba chifukwa cha kulakwa kwanga. Kunali zii. Mukudziwa mmene chaka chimenecho chinayendera: sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mayeso a MSCE anayimitsidwa mu Novembala atabedwa, ndipo analembedwanso mu Januwale 2021. Iye analemba n'kukhoza. Bayoloje anakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse, ndipo sindikudziwa ngati ndiyenera kunyada kapena kuchita manyazi.

Lero akuchita geni ya mpunga. Chibwano n'chophwa pang'ono mbali imodzi, pansi pake pali chipsera, ndipo nsima amatafunira kumanja. Za ukwati zimene amalume ankadera nkhawa zija zinatheka, moti amalume omwewo ndi amene anavina kwambiri. Chaka chilichonse amayenera kupita kukajambulidwa, chifukwa chotupachi chimatha kubwerera ngakhale patapita zaka 5 kapena 10. Chaka china anazengereza, akuti ndalama yapita ku katundu ndipo sakumva kupweteka kulikonse. Ndinamukumbutsa kuti mawu amenewo ndinawamvapo kale mu 2017. Anaseka, ndipo sabata yotsatira anapita.

Tsono aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi ili. Ife timaona nkhope za ana masiku asanu pa sabata, nthawi zina kuposa makolo awo. Mukaona tsaya kapena chibwano chatupa mbali imodzi ndipo sichikuphwa pakatha masabata awiri kapena atatu, musafunse kokha kuti chikupweteka. Funsani kuti chinayamba liti. Mukaona dzino la mwana wamkulu likugwedera popanda kugwa kapena kumenyedwa, kapena dzino lazulidwa koma kutupa kwatsala, kapena mlomo wachita dzanzi, itanani makolo ndipo muwauze kuti akapemphe X-ray ku chipatala chachikulu. Ngati ndi mwana wamng'ono ndipo kutupako kukukula mooneka tsiku ndi tsiku, musadikire ngakhale kutha kwa sabata. Ndipo nthawi ndi nthawi tsegulani mafayilo muone zithunzi zakale. Ine tsopano ndimatero kumayambiriro kwa chaka chilichonse. Safunsa anadya phula.

Inunso amene munali ana anga a sukulu, ena mwa inu ndinu anamwino, ena alangizi a zaumoyo m'midzi, ena makolo chabe. Mukamva kuti "si khansa" musaganize kuti nkhani yatha. Mukamva kuti "sichipweteka" musaganize kuti palibe matenda. Funsani dokotala kuti chinthucho chikasiyidwa chidzatani.

Mwezi wathawu ndinakumana naye pa msika wa Songani akuyeza mpunga. Ndinagula makilogalamu awiri, iye n'kuwonjezera basera wochuluka kuposa muyezo. Ndipo pamenepo, pakati pa phokoso la ma minibasi opita ku Liwonde, ndinanena mawu amene ndinakhala nawo pakhosi zaka zonsezi.

"Mwana wanga, tsiku lija ndinakulakwira. Undikhululukire."

"Sala, musadandaule. Pajatu inu ndi amene munayamba kuchiona. Ngakhale amayi anali asanachione."

Ankatanthauza zabwino, ndikudziwa. Koma ndinakwera njinga mawuwo akundilemera kuposa mpungawo. Ndinachionadi poyamba. Chimene sindinachite ndi kufunsa funso lachiwiri.

Ndisiyire pano, mapepala a Fomu 1 aja akundidikirabe. Mupereke moni kunyumba.